INJINI YA BOTI NDI BATIRE: KUCHOKERA PA THANGA MPAKA PA BABU LA USIPA

 Uthenga wa lero ndi wautali, koma musaope bandulo, mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha. Pezani pamthunzi muwerenge modekha, mukatha mutumizireko ena.

Funso limene likundipeza kawirikawiri masiku ano ndi ili: "Amakaniko, kodi injini yanga ya 15 ingatchaje batire la mababu a usipa?" Ena amafunsa ali pa doko. Ena amafunsa ali kuno kumalire, agulitsa soya ndi mtedza, akufuna kuika ndalama pa chilimira cha m'bale wawo kunyanja, ndiye wogulitsa injini wawatsimikizira kuti "iyi bwana ndi yotchaja, za batire iwalani." Yankho lachidule ndi ili: zina zimatchaja, zina ayi, ndipo ngakhale zotchajazo zimapereka moto wochepa zedi. Koma ndikangoyankha chonchi anthu amaona ngati ndikuipitsa malonda a wina. Ndiye lero tiyambire kutali, tione kumene injini imeneyi inachokera ndi ntchito imene anaipangira. Mukaidziwa mbiri yake, masamu ake savutanso.

*NTHAWI YA NKHAFI NDI THANGA*

Makolo athu anayenda pa nyanja yathuyi zaka mazanamazana ndi bwato losema ndi nkhafi. Mphamvu inali ya m'mikono, kuwala kunali kwa mwezi ndi kwa moto. Usipa ankaukopa ndi moto weniweni, wa miyuni, ndipo dzina loti kauni limene timatchula mpaka lero likuchita kumveka lokha kuti ndi kamuuni.

Thanga lalikulu linabwera ndi Aswahili. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, uja timamudziwa kuti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota. A Jumbe ankakhoma ngalawa za matanga zowolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kummawa, ulendo wa ku Kilwa. Ndi mbiri yowawa, sitingaikometse. Koma luso lokhoma ngalawa ndi lowerenga mphepo linatsala m'manja mwa anthu, ndipo mpaka lero pakati pa Likoma ndi Cobué ku Mozambique mumaona ngalawa za matanga zikuwoloka.

Vuto la thanga ndi loti mphepo ilibe mbuye. Mwera ukalusa sufunsa kuti m'botimo muli ndani. David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859, anabweranso mu 1861 ndi kaboti ka nkhafi ndi thanga, ndipo mafunde anamuonetsa zakuda. Mu September 1895, Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican anamira pamene boti lake la thanga linagubuduzika ndi namondwe ali paulendo wa ku Likoma, atangodzozedwa kumene. Kwinaku, mphepo ikati zii, thanga limasanduka nsanza chabe, boti n'kumangoyandama. Choncho munthu wa thanga chimene ankalakalaka ndi chinthu chomukankha mphepo ikakana, kapena chomuthawitsira kugombe mphepo ikanyanya. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

*NTHAWI YA SITIMA ZA NKHUNI*

Injini yoyamba kulira pa nyanja yathu inali ya Ilala, osati iyi tikukwera leroyi ayi, yoyambayo. Amishoni a Livingstonia, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anabwera nayo mu 1875. Atafika pa mathithi a Shire anaimasula zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu mpaka kumtunda, n'kuimanganso. Inalowa m'nyanja mu October chaka chomwecho n'kukaima ku Cape Maclear. Mafuta ake anali nkhuni: kuwiritsa madzi, nthunzi n'kumazunguza makina. Mu 1901 inalowa sitima ina, imene anaipatsa dzina la bishopu womira uja, Chauncy Maples. Ilala ya leroyi anaipanga ku Scotland, inabwera zidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba ntchito mu 1951, ya dizilo.

Zonsezi zinali za mishoni, za boma ndi za makampani. Msodzi wamba anali adakali pa nkhafi. Koma pali phunziro limodzi pa sitima yaikulu. Ilala ikaima pa Nkhata Bay usiku, injini zoyendetsa zili duu, magetsi amayakabe. Chifukwa chiyani? Chifukwa injini yokankha ndi ina, jenereta ya magetsi ndi ina. Akatswiri opanga sitima analekanitsa ntchito ziwirizi kalekale.

*INJINI YOKOLEKA KUMBUYO*

Chodabwitsa n'chakuti injini yoyamba yokoleka kumbuyo kwa boti inali ya batire. Mu 1881 mkulu wina wa ku France, Gustave Trouvé, anayendetsa kaboti pa mtsinje wa Seine mumzinda wa Paris ndi mota wa magetsi. Zinayenda ndithu, koma sizinapite patali. Mabatire anali olemera ndipo ankatha msanga. Eti, dandaulo lomwe tili nalo lero pa doko!

Amene anaitchukitsa ndi Ole Evinrude, wobadwira ku Norway koma wokulira ku America. Mu 1909 ku Milwaukee anayamba kugulitsa injini ya petulo ya hosipawa imodzi ndi theka. Zoyambirirazo moto wa pa pulagi zinkautenga ku mabatire. Batire likatha kapena likanyowa, injini zii, munthu n'kubwerera pa nkhafi. Patangopita zaka zochepa anapeza nzeru yoika maginito m'kati mwa flywheel, chigudumu cholemera chija chili pamwamba pa injini. Chikamazungulira, maginito amadutsa pafupi ndi koyilo ya waya, moto n'kubadwa pomwepo, wokwanira kuyatsa pulagi. Apa ndi pamene ukwati wa injini yaing'ono ndi batire unatha. N'chifukwa chake inu lero mumangokoka chingwe, injini n'kulira, m'botimo mulibe batire ngakhale limodzi.

Itatha nkhondo yachiwiri, a ku Japan analowa m'bwalo. Tohatsu inatulutsa injini yake yoyamba mu 1956, Yamaha mu 1960, Honda mu 1964, Suzuki mu 1965. Kenaka Yamaha inapanga mtundu wa Enduro, umene wadzaza m'madoko athuwu. Enduro anaipangira asodzi a ku Asia, Africa ndi maiko ena kumene injini imagwira ntchito tsiku ndi tsiku, mafuta si oyera nthawi zonse, ndipo makaniko ali kutali. Nzeru yake inali yochotsa chilichonse chimene chingafe msanga. Yokoka pamanja ilibe sitata, sifuna batire, mawaya ndi ochepa. Kulimba kwake kwagona pamenepo.

Kwathu kuno, maboti a injini pa usodzi anayamba ndi amalonda akuluakulu monga a Yiannakis, Agiriki amene anayamba kupha nsomba chakummwera kwa nyanja, dera la Fort Johnston limene lero ndi Mangochi, m'zaka za m'ma 1930. Amalawi analowamo pang'onopang'ono. Ambiri anali matchona obwera ndi ndalama za ku Joni ndi ku Halale, n'kugula maukonde a nayiloni. Kenaka panabwera maboti a matabwa monga okhomedwa ku Mpwepwe, chifukwa bwato losema lilibe thako lokolekapo injini. Achikulire amakumbukira Seagull ya ku England, yaphokoso, yautsi, koma yosafa wamba. Onsewa pogula injini ankafuna chinthu chimodzi: kufika kutali kumene kuli utaka ndi usipa, n'kubwerako nsomba zisanaole. Za kutchaja panalibe amene ankafunsa, chifukwa panalibe choti atchaje.

*NANGA ZOTCHAJAZI ZINACHOKERA KUTI?*

Tibwerere kwa munthu wa thanga uja. Ku Ulaya ndi ku America kuli maboti ambiri ang'onoang'ono a matanga, ongoyendera kusangalala, onga amene mumawaona pa mpikisano wa matanga pa nyanja yathu nthawi ya mwera. Eni ake amakoleka injini ya hosipawa 4, 6, 8 kapena 9.9, yotulukira pa doko ndi yowapulumutsa mphepo ikatha. Lamulo la pa madzi limafuna kuti boti loyenda usiku likhale ndi nyali: yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, yoyera kumbuyo. Opanga injini anaona kuti pansi pa flywheel patsala malo. Anaikapo koyilo ina, yapadera, yoyatsira timababu timeneti. Dzina lake mpaka lero ndi lighting coil, koyilo ya nyali. Dzina lokhalo likukuuzani ntchito yake.

Moto wa koyilo imeneyi ndi wa AC, umapita uku n'kubwerera uku. Babu lakale lija silisamala, limayaka basi. Koma batire limafuna moto wa DC, woyenda njira imodzi. Cha m'ma 1960, pamene galimoto zinayamba kusiya dainamo n'kutenga alternator, tizipangizo towongola moto tinatchipa, ndipo pa injini za maboti panabwera rectifier, kabokosi kakang'ono kosandutsa AC kukhala DC. Pambuyo pake panabweranso regulator, yoletsa moto kuti usapitirire muyeso.

Ndiye onani manambala ake. Tohatsu ya hosipawa 6 imene anaipangira dala maboti a matanga, ya dzina loti Sail Pro, inalembedwa 12V, 60W, 5A. Injini zambiri zazing'ono zokoka pamanja zimasewera pa ma amp 3 mpaka 6. Za two-stroke zathuzi, ya 15 ngakhale zokulirapo, koyilo ya nyali ikakhalapo nthawi zambiri imalembedwa 80W, amene ndi ma amp 6 basi. Tsono hosipawa 15 ndi mawati pafupifupi 11,000. Pa mphamvu yonseyo, yopita ku magetsi siifika ngakhale gawo limodzi pa 100. Ndi nyenyeswa za pa mbale. Komanso nambala yolembedwayo imapezeka injini ikatsegulidwa kwambiri. Ikamangolira pang'onopang'ono mumapeza amp imodzi kapena awiri, mwinanso osafika. Azungu a matanga aja nawonso anaona kuti sizikukwana, chifukwa injini amailiza mphindi zochepa potuluka ndi polowa pa doko. Ambiri a iwo lero anamangirira sola pa boti.

*USIPA UNASINTHA NYALI*

Pamene injini inakhala chimodzimodzi, zofuna zathu ndi zimene zinakula. Muuni wa moto unasiyira malo nyali za palafini zopopa, zija timangozitchula kuti Tilley. Aliyense wokulira kunyanja akudziwa mzere wa nyali usiku wopanda mwezi, ngati tauni yamera pa madzi. Siginala ali yekha m'bwato lake ndi nyali zake, kudikira usipa usonkhane, alovi ali m'boti kudikira mawu ake kuti aponye chilimira. Tilley inali ndi mavuto ake: palafini, galasi kusweka ndi madontho a madzi, kansalu koyaka kaja kuthothoka, kupopa usiku wonse. Koma batire sinkalifuna.

Kenaka zinthu ziwiri zinafika. Choyamba ndi foni. TNM inayamba m'ma 1990, Celtel inabwera mu 1999, n'kudzakhala Zain, kenaka Airtel mu 2010. Airtel Money ndi Mpamba zitayamba, foni inasanduka chikwama cha ndalama. Lero mwini chilimira amadziwa mtengo wa ku Lilongwe boti lisanafike pa gombe, ndipo mayi wa geni ali pa Kamwendo amalipira usipa asanauone. Chachiwiri ndi mababu a LED, owala kwambiri koma odya moto pang'ono. Palafini atakwera mtengo n'kuyamba kusowa, masiginala ambiri anapachika Tilley n'kunyamula batire la galimoto ndi mababu. Apa ndi pamene batire, limene Evinrude analithamangitsa m'boti zaka zoposa 100 zapitazo, linabwereranso. Koma labwerera ndi ntchito yaikulu imene koyilo ya nyali sinapangidwire.

Anzathu a kapenta anadutsa njira ina. Kapenta anamutenga ku nyanja ya Tanganyika n'kukamuika mu Kariba cha m'ma 1967 ndi 1968, kenaka anatsika ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete. Kumeneko amaphera pa zombo zachitsulo zokhala ndi injini ya dizilo yopukusa magetsi usiku wonse. Iwo anatengera nzeru ya sitima yaikulu ija. Ife tikufuna kuti kainjini kokankha boti kagwire ntchito ya jenereta.

*TIYENI TIWERENGE*

Tengani cholembera. Tinene kuti mababu a siginala onse pamodzi ndi mawati 60. Pa batire la 12V amenewo ndi ma amp 5. Akayaka maola 7, adya 35Ah. Batire la N70 limasunga 70Ah, ndiye latsika theka, ndipo batire la galimoto silifuna kutsika kupitirira pamenepo.

Tsono injini yalira maola angati usiku umenewo? Tinene ola limodzi popita, ola limodzi pobwera. Pakati ponsepa yazimitsidwa, chifukwa simungakope usipa ndi phokoso, komanso mafuta ndi ndalama. Nthawi imene mababu akuyaka, batire lili m'bwato la siginala, injini ili pa boti lina, ili chete. Maola awiri aja, ngakhale titaikomera mtima kuti ikupereka ma amp 5 osatsika, yabweza 10Ah. Mwadya 35, mwabweza 10. Ngongole ya 25Ah usiku uliwonse. Usiku wachiwiri mababu ayamba kufiira, wachitatu usipa ukupita kwa mnzanu wa nyali zowala.

Wina anena kuti, "Ndiye ndingoiliza mpaka lidzaze." Chabwino. Kubweza 35Ah kumafuna pafupifupi 40Ah, chifukwa moto wina umatayika ngati kutentha. Pa ma amp 5, amenewo ndi maola 8 injini ili yotsegula. Ya 15 ya two-stroke ikatsegulidwa yonse imamwa malita 6 kapena 7 pa ola. Ndiye malita pafupifupi 50 a petulo, kuphatikizapo oyilo wosakaniza, kuti mudzaze theka la batire limodzi. Funsani mtengo wa lita lero, muchulukitse nokha. Kumeneko ndi kuotcha nkhokwe pofuna kuwamba mbewa imodzi.

Choopsa china n'chakuti batire lokhalira njala silichedwa kufa. Likamagona losadzaza masiku ambiri, mapuleti ake amagwira zoyera zolimba zija, ndipo silisunganso moto ngakhale mulitchaje bwanji. Batire loyenera kukhala zaka limatha miyezi yochepa. Mwini wake n'kumati anamugulitsa lachinyengo, chonsecho analipha ndi chikhulupiriro choti injini ikulidyetsa.

*ZIKUTIKHUDZA BWANJI KUNO KU MCHINJI?*

Wina afunsa kuti nkhani ya maboti ikufuna chiyani ku boma lopanda nyanja. Abale, Mchinji ndi nyanja ndi pachibale. Mtsinje wa Bua umayambira konkuno, n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo mpasa umakwera mu Bua yemweyo kukaswana. Madzi amatsika, nsomba zimakwera. Usipa wa ku Nkhotakota umabwera pa msewu wa M18 kudzera ku Kasungu mpaka pa Kamwendo. Wa ku Salima umadzera ku Lilongwe n'kutenga M12. Wina umathera m'misika yathu, wina umawoloka pa Mwami kupita ku Chipata. Kuyambira kale, pamene kuno kunkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata inali Fort Jameson, njira iyi ndi ya malonda. Batire la siginala likafooka ku Nkhotakota, ndiwo zimakwera mtengo pa Waliranji.

Chachiwiri, sukulu ya nkhaniyi ili pakhomo panu. Njinga yamoto ya kabaza, kaya Boxer kaya Lifan, ili ndi zomwezi: maginito mu flywheel, makoyilo pansi pake, rectifier, ndi kabatire kakang'ono. Moto wake umakwanira nyali, hutala, sitata ndi foni ya wokwera. Kodi munaonapo wakabaza akuliza njinga tsiku lonse pakhomo kuti adzaze batire la N70 loonetsera mpira? Angamuseke mudzi wonse. Injini ya boti ya 15 moto wake wa magetsi ndi wa msinkhu womwewo.

Chachitatu ndi mafuta. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mizere ya pa filling station tonse tinaiona, ndipo ife a kumalire tinaona zigubu zikuchokera ku Chipata. Lita imene yavutikira chonchi ikafika kunyanja, ntchito yake ikhale yokankha boti. Kudalira magetsi a ESCOM okha nakonso kuli ndi tsoka lake. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo malo otchajitsa mabatire ankangokhala mumdima limodzi ndi makasitomala awo.

Yankho lili kumwamba, ndipo alimi a kuno analiona msanga. Yendani m'midzi muone timasola pa madenga a udzu. Ku Sitolo konkuno ku Mchinji kuli magetsi a dzuwa a mudzi wonse. Ku Nanjoka ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba mu 2021. Sola ya mawati 100 dzuwa lili paliwombo imapereka ma amp 5 kapena 6, chimodzimodzi injini yanu itatsegulidwa yonse, koma osamwa dontho la petulo. Pa tsiku la dzuwa labwino imabweza 25 mpaka 30Ah. Ya mawati 150 yokhala ndi controller imakwanitsa 35Ah ija. Ndipo usodzi wa usipa unachita kugwirizana ndi sola: ntchito ndi ya usiku, masana batire lili pa gombe. Dzuwa lomwe likuumitsa usipa pa thandala ndi lomwe lingadzaze batire. Mwezi ukawala, kauni atapuma, ndi nthawi yoti mabatire akhute bwinobwino. Miyezi ya mitambo, amene angathe akhale ndi mabatire awiri osinthanitsa.

*NDIYE KOYILO IJA NDI YACHABE?*

Ayi ndithu. Ili ndi ntchito, ndipo ntchito yake ndi ya moyo. Foni yamakono ya batire lalikulu imadya pafupifupi 2Ah kuchokera pa batire la 12V. Ndiye 10Ah ija, imene ndi yochepa kwa siginala, ingadzaze mafoni anayi kapena asanu, a mabatani ndiye osawerengeka. Ingayatsenso babu limodzi loyera pa boti kuti anzanu akuoneni mumdima. Mwera ukakupezani pakati, injini yafa, mukutengedwa ndi mafunde, chimene chimabweretsa thandizo ndi foni ya moto ndi nyali yooneka patali. Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja akudziwa kuwawa kodikira pa gombe, foni ya mwana wawo ikungoti sakupezeka. Koyilo ya nyali anaipangira chitetezo cha munthu wa pa madzi, ndipo pa ntchito imeneyo imakwana.

*MUSANAPEREKE NDALAMA*

Safunsa anadya phula. Wogulitsa akati ndi yotchaja, chitani izi:

1. Vundukulani chivindikiro muone ngati lighting coil ilipo. Pa Yamaha zambiri mawaya ake ndi obiriwira, ochokera pansi pa flywheel. Injini zina zinabwera zopanda koyilo imeneyi.

2. Chenjerani ndi dzina. Pali koyilo ina yotchedwa charge coil. Imeneyo sitchaja batire ayi, imadyetsa CDI kuti pulagi ipeze moto. Ambiri agula imeneyi poganiza kuti apeza tchaja.

3. Funsani rectifier. Popanda iyo, moto ndi wa AC, batire silingalandire. Ndipo musayerekeze kulumikiza tchaja ya foni ku mawaya a koyilo mwachindunji. Injini ikakwera, mavoti amakwera nayo mpaka kupitirira 20, foni n'kupsa.

4. Ngati batire ndi laling'ono, monga la njinga yamoto, pakhale regulator. Rectifier yokha paulendo wautali imaliwiritsa mpaka madzi kuuma.

5. Yezani ndi mita, osati ndi pakamwa. Batire lodzaza litapuma limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.2 lili pa theka. Lizani injini ili m'madzi, muikweze: nambala iyenera kukwera pang'onopang'ono kulowera ku 13 ndi 14. Ikangoima pomwepo, palibe chikulowa.

6. Waya wofiira ku pulasi, wakuda ku mainasi, ndipo pa wofiirayo pakhale fyuzi pafupi ndi batire. Mukatembenuza ngakhale kamphindi, rectifier yapita. Musachotsenso batire injini ikulira.

7. Batire likhale m'bokosi, pamwamba, kutali ndi thanki ya petulo. Kamoto kamodzi pa nthunzi ya petulo pakati pa nyanja, kothawira kulibe.

Mukaiona mbiri yonseyi, mzere wake ndi umodzi. Nkhafi inasiyira thanga, thanga linapempha injini, injini inadzimasula ku batire kuti ikhale yodalirika, ndipo kamoto kamene imapereka anakaonjezera pambuyo chifukwa cha nyali zitatu za usiku. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mawu oti "yotchaja" ndi okoma, koma funsani kuti ma amp angati, pa liwiro lanji, kwa maola angati. Inu a ku Mchinji amene mukutumiza ndalama kunyanja, pa bajeti ya injini onjezanipo sola, controller ndi batire lachiwiri. Inu a pa doko, injini ikankhe boti ndi kusunga foni yamoyo, dzuwa lidyetse mababu.

Amene ali ndi injini yoti sakuimvetsa, ajambule pansi pa chivindikiro ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya injini, aponye pa gulu pompano, tithandizana. Tumizani uthengawu kwa eni zilimira, masiginala ndi alovi onse amene muli nawo mu foni. Muyende bwino pa madzi, ndipo mwera ukayamba musalimbane nawo.

Ndine wanu, mwana wa msodzi, makaniko wa maboti, pano ndili kumalire ku Mchinji.